Mphumu nyengo ya chiperoni: inhaler yabuluu, yabulawuni, mapiritsi kapena nebulizer, mutenge ziti?

Chiperoni chikangotsika m'phirimu kuno ku Mulanje ndi Thyolo, Juni ndi Julayi uyu, anthu obanika amachuluka pamzere wa kuchipatala, ndiye ikafika Okutobala fumbi ndi utsi wa moto wosakira mbewa zimayambitsanso nkhondo yomweyo. Funso limakhala limodzi basi: nditenge chani? Wina akuti inhaler, kachitini kopopera mankhwala mkamwa kaja, wina akuti ayi inhaler ukayamba susiya imwa mapiritsi, wina wamva zoti kuli timakina ta nebulizer ku Limbe. Ine poyerekeza njirazi ndikuyang'ana mtengo wake, ndipo pamtengopo muwerengerenso ya kabaza ndi tsiku limene simunathyole tiyi chifukwa munali pamzere, kenako kapezekedwe kake kuno kwathu osati ku Johannesburg, kasamalidwe kake, ndi zoopsa zake. Koma muyezo waukulu kuposa yonseyi ndi wakuti mankhwalawo akugwira pati m'chifuwamo, akungotsegula njira ya mpweya kapena akuletsa kutupa kumene. Apa mpofunika kudziwa kaye zimene zimachitika mkatimo.

Munthu wa mphumu ya allergy, ija yobwera thupi likadana ndi chinthu china, thupi lake limapanga timapuloteni totchedwa IgE tolimbana ndi zinthu zimene kwa anzake sizivuta ayi: mphemvu, chuku cha pakhoma lonyowa, ubweya wa mphaka, mungu wa udzu, komanso tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'matilesi ndi m'mabulangete, timene timakonda malo achinyezi ngati kwathu kuno. M'ndowe za tizilomboti muli enzyme (puloteni yodula kapena kusintha zinthu zina m'thupi) yotchedwa Der p 1 imene imadula polumikizira maselo a m'njira za mpweya, nde zinthu zimalowa mosavuta. IgE ija imakhala itamata pa maselo otchedwa mast cell, amene wasayansi Paul Ehrlich anawafotokoza mu 1878. Fumbi likangokhudza, maselowa amakhuthula mankhwala oyabwitsa otchedwa histamine ndi enzyme ina, tryptase, ndipo pompo enzyme ya phospholipase A2 imadula mafuta ena pakhungu la selolo, ina yotchedwa 5-lipoxygenase nkuwasandutsa ma leukotriene. Awa ndiye amafinya njira za mpweya mwamphamvu kuposa histamine maulendo mazana, nchifukwa chake Piriton kapena cetirizine amaletsa kuyetsemula ndi kuyabwa maso koma kubanika sakuchotsa. Bengt Samuelsson wa ku Sweden, amene anatulukira ma leukotriene, anali mmodzi mwa olandira mphotho ya Nobel mu 1982.

Imeneyo ndi ndime yoyamba, ya mphindi zochepa. Pakatha maola 3 mpaka 8 kumabwera gulu lina la maselo, ma eosinophil, ndi enzyme yawo eosinophil peroxidase ndi mapuloteni ena amene amasupula kachikopa ka mkati mwa njira za mpweya, makhololo nkuchuluka, njirazo nkutupa. Ndiye munthu anatonola chimanga kapena kukutumula mabulangete masana, anabanika pang'ono nkupopa nkukhala bwino, koma 2 koloko ya usiku wadzuka chifuwa chikulira likhweru. Kuzizira kwa chiperoni, utsi wa nkhuni, wa mbaula, wa koyilo ya udzudzu si allergy ayi, koma zikapeza njira zotupa kale zimaputa msanga.

1. Inhaler ya salbutamol, yabuluu ija

Ena amangoti Ventolin, dzina limene inatulukira nalo ku Britain mu 1969, ina imabwera yolembedwa Asthalin. Imamasula minofu yozungulira njira za mpweya m'mphindi zochepa, mphamvu yake imatha pa maola 4 mpaka 6. Ma eosinophil aja siiwakhudza nkomwe. Zili ngati phala likupserera pamoto inu nkungotsegula zenera, utsi utuluka inde koma poto akadali pamafuwa.

Mtengo: kuchipatala cha boma ndi yaulere, ku zipatala za mishoni monga Mulanje Mission kapena Malamulo ku Makwasa mumalipira, ku pharmacy ndi imene imatchipa pa ma inhaler onse, ngakhale chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mankhwala onse ochokera kunja anadula.

Kapezekedwe: ndi imene mungaipeze mosavutirapo, koma ku health centre yakumudzi nthawi zina imatha, ndiye musadikire kuti ithe kaye kuti mukatenge ina.

Kasamalidwe: imakhala ndi mapafu 200, ndiko kuti kudina maulendo 200, pafu iliyonse mamaikulogalamu 100. Vuto lake imapitiriza kulira psii mankhwala atatha kale, zoiviika m'madzi kuti muone ngati ikuyandama nzosadalirika, bola kulemba tsiku loyambira pakabuku ka kuchipatala. Igwedezeni musanapope, ndipo musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Zoopsa: manja kunjenjemera, mtima kuthamanga, zimatha zokha. Choopsa chenicheni nkuidalira yokha. Amene amamaliza ma inhaler abuluu 3 kapena kuposa pachaka amagwidwa ndi mphumu mwamphamvu kawirikawiri, ndipo womaliza imodzi mwezi uliwonse ali pachiopsezo cha imfa. Bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a mphumu padziko lonse, linasiya mu 2019 kulangiza achikulire ndi achinyamata kugwiritsa ntchito yabuluu yokha. Zoti inhaler ukayamba susiya nzabodza, chimene chimachitika nchakuti kutupa kukukula osaletsedwa ndiye munthu akupopa pafupipafupi, anthu nkumati wazolowera.

2. Inhaler ya steroid, kawirikawiri yabulawuni

Beclomethasone ndi imene timaiona kwambiri, inayamba mu 1972. Iyi ndiye imapita pagwero: imachepetsa ma eosinophil ndi ma mast cell m'njira za mpweya, imatsitsanso ntchito ya phospholipase A2 ija. Kuipa kwake simumva kanthu mukapopa. Pamatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti muone kusintha, mphamvu yonse miyezi ingapo, nde anthu ambiri amapopa masiku atatu nkuti iyi siigwira, nkuiponya m'kabati, kubwerera ku yabuluu. Apa mpamene ambiri timaluzira.

Mtengo: yaulere ku boma ikakhalapo, ku pharmacy imadula kuposa yabuluu. Mukamapopa kawiri m'mawa kawiri madzulo, ya mapafu 200 imatha masiku 50, ndiye pachaka muwerengere 7 kapena 8.

Kapezekedwe: imasowa kuposa yabuluu. Mwayi waukulu uli ku chipatala chachikulu cha pa boma, ku Mulanje kapena ku Thyolo, kiliniki ya matenda a mgonagona imene amapitako a shuga ndi BP. Mulembetse kumeneko, musamangobwera ku OPD tsiku lobanika, chifukwa wokuonani pamzere wautali uja amathandiza za tsikulo basi.

Kasamalidwe: tsiku ndi tsiku, ngakhale muli bwinobwino. Mukapopa chukuchani mkamwa nkulavula. Ndibwino kuiika pamodzi ndi mswachi kuti musamaiwale.

Zoopsa: mawu kusasa, timadontho toyera mkamwa ngati simuchukucha. Kwa ana imatha kuchepetsa msinkhu ndi pafupifupi sentimita imodzi, ine ndimati sentimita imodzi ndi kanthu kochepa poyerekeza ndi mwana wogonekedwa kuwodi chaka chilichonse. Kwa osuta fodya imagwira mofooka, utsi wa fodya umawononga enzyme yotchedwa HDAC2 imene steroid imadalira kuti izimitse kutupa, ndiye achimwene osuta inu, mankhwalawo mukuwamanga manja nokha.

3. Inhaler yophatikiza, budesonide ndi formoterol

Symbicort kapena Foracort. Muli steroid komanso mankhwala otsegula msanga amene amakhalitsa maola 12, ndiye mukapopa chifukwa chobanika mwalandiratu ndi woletsa kutupa. Kwa a zaka 12 kupita mtsogolo GINA imaika iyi patsogolo, ndipo kafukufuku wamkulu wa mu 2018 anasonyeza kuti kugwidwa mwamphamvu kumatsika ndi zoposa theka poyerekeza ndi yabuluu yokha.

Mtengo: apa ndiye pamagona nkhani, imadula kwambiri kuposa ziwiri zija ndipo kawirikawiri ndi ya m'thumba mwanu.

Kapezekedwe: ma pharmacy aakulu a ku Blantyre ndi Limbe. Wa ku Bvumbwe kapena Luchenza akhoza kukwanitsa ulendowo, wa ku Muloza kapena Thekerani aganize kawiri asanayambe chinthu chimene mwezi wamawa sachipeza.

Kasamalidwe: ina ndi yaufa, yokoka ndi mpweya wanu mwamphamvu, imeneyo imadana ndi chinyezi, mutseke chivindikiro nthawi zonse ndipo musapumiremo. Ndi mvula yathu ino si nkhani yaing'ono.

Zoopsa: zofanana ndi ziwiri zija, kuphatikiza ichi chimene ambiri sachidziwa. Amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, ritonavir imatseka enzyme ya m'chiwindi yotchedwa CYP3A4 imene imaphwanya budesonide ndi fluticasone, steroid nkuunjikana m'thupi, nkhope kutupa, shuga kukwera. Kwa iwowa beclomethasone ndiye yabwino. Auzeni adokotala mankhwala onse amene mukumwa, musabise.

4. Botolo, kapena kuti spacer

Si mankhwala koma ndaliika palokha chifukwa pa zonse zili munomu palibe chopindulitsa ndi ndalama zochepa ngati ichi. Anthu ambiri popopa mankhwala amathera pammero ndi palilime, chifukwa kudina ndi kukoka mpweya nthawi imodzi nkovuta, makamaka kwa mwana kapena agogo. Dokotala Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anasonyeza mu 1999 kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500 limagwira ntchito mofanana ndi spacer yogula.

Mutenge botolo la madzi kapena la zakumwa, mulitsuke. Mupinde waya molingana ndi kukamwa kwa inhaler, muwotche wayayo pambaula, muboole kutako kwa botolo, ndipo pulasitikiyo ikadali yofewa mulowetse kukamwa kwa inhaler kuti igwire thithithi osasiya mpata. Inu mumaika milomo pakamwa pa botolo pomwera paja. Gwedezani, dinani kamodzi, pumani mwachifatse maulendo 5, kenako pafu ina. Osadina katatu nthawi imodzi ayi, mankhwala amangomata m'mbali.

Mtengo: palibe. Yogula ku pharmacy ili ndi ubwino wokhala ndi kachophimba kumaso, kamene mwana wosakwana zaka 3 kapena 4 amafunika.

Kapezekedwe: paliponse.

Kasamalidwe: kutsuka ndi sopo wotsukira mbale, osapukuta ndi nsalu, lingouma lokha, chifukwa kupukuta kumapangitsa mankhwala kumata kupulasitiki. Likaphwanyika pangani lina.

Zoopsa: limangogwira ndi ma inhaler opopa, aufa aja ayi. Ndipo ana akusukulu amachita nalo manyazi, muwalankhule aphunzitsi.

5. Mapiritsi a salbutamol ndi aminophylline

Awa ndi amene makolo athu anakulira, ndipo ambiri amawakhulupirira kuposa inhaler poti akuti chomeza ndiye mankhwala. Salbutamol wa piritsi amazungulira thupi lonse asanafike m'mapapo, amachedwa theka la ola kapena kuposa, ndipo mlingo wake wa mamiligalamu 4 ndi wofanana ndi mapafu 40, nchifukwa chake munthu amanjenjemera mpaka kulephera kugwira kapu. Aminophylline ndi m'bale wa theophylline, amene Albrecht Kossel wa ku Germany anamupeza koyamba m'masamba a tiyi mu 1888, tiyi yemweyu tikumuona kuyambira pa Chitakale mpaka ku Limbuli. Musatengeke nazo, m'kapu ya tiyi muli kochepa kwambiri kosatheka kuchiza munthu. Amagwira potseka enzyme ya phosphodiesterase kuti minofu imasuke.

Mtengo: otchipa zedi. Kapezekedwe: ndi amene mumapatsidwa inhaler ikatha, ndipo ena amagulitsidwa pamsika mosaloledwa, atakhala padzuwa tsiku lonse. Kasamalidwe: kosavuta, kumwa basi.

Zoopsa: aminophylline mlingo wothandiza ndi mlingo wopha nzoyandikana. Kusanza, kusowa tulo, mtima kugunda mosalongosoka, mpaka kukomoka. Ciprofloxacin ndi erythromycin amatsekereza enzyme ya m'chiwindi yochotsa mankhwalawa, nde munthu wamwa mlingo wake wanthawi zonse koma waonjezera cipro chifukwa cha m'mimba, basi zavuta. Ine awa ndimawaona ngati opumira podikira inhaler, osati okhazikika nawo.

6. Prednisolone

Steroid yakumwa, timapiritsi ta mamiligalamu 5. Pakugwidwa mwamphamvu imapulumutsa moyo, imayamba kugwira pakatha maola angapo ndipo imaletsa ndime yachiwiri ya ma eosinophil ija. Akulu amapatsidwa mamiligalamu 40 mpaka 50 patsiku kwa masiku 5 mpaka 7, ana molingana ndi sikelo kwa masiku 3 mpaka 5.

Mtengo ndi kapezekedwe: yotchipa, yopezeka, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Munthu akaona mmene yamuthandizira amayamba kugula yekha, awiri lero awiri mawa, chaka chonse.

Kasamalidwe: kumwa m'mawa mutadya. Amene wamwa kwa masabata ambiri asasiye mwadzidzidzi, thupi limakhala litasiya kupanga steroid yake, apite kuchipatala akamutsitsire pang'onopang'ono.

Zoopsa: shuga, BP, mafupa kufooka, ng'ala m'maso, nkhope kufufuma mpaka anthu kumati akudya bwino, komanso chitetezo kutsika, TB imene inagona nkudzuka. Ngati mwafunika prednisolone kawiri kapena kuposa m'chaka chimodzi ndiye kuti mukusowa yabulawuni ija, kapena simukuipopa bwino.

7. Montelukast

Piritsi limodzi madzulo, linavomerezedwa ku America mu 1998. Limatchinga pamene ma leukotriene amakamata. Pamapepala zimamveka bwino, koma mphamvu yake siifika pa steroid yopopa, limathandiza ngati loonjezera makamaka kwa amene ali ndi chimfine cha allergy chosatha kapena amabanika akathamanga. Mtengo: wapakati, koma ndi wa mwezi ndi mwezi. Kapezekedwe: ku pharmacy ndi zipatala zolipira. Kasamalidwe: palibe chovuta, a ana alipo otafuna. Zoopsa: mu Malichi 2020 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaika chenjezo lalikulu poti ena amalota zoopsa, kukwiyakwiya, kukhumudwa ngakhale maganizo odzipha. Mwana akasintha khalidwe atayamba mankhwalawa musathamangire kunena kuti walodzedwa, bwererani kwa adokotala.

8. Nebulizer yapanyumba

Makina osandutsa salbutamol wamadzi kukhala nthunzi. Anthu amaikonda poti imaoneka yachipatala. Mtengo: makinawo, kuphatikiza timabotolo ta mankhwala nthawi zonse. Kapezekedwe: mtauni, ndipo imafuna magetsi, akazima usiku ndiye mwagwira njakata. Kasamalidwe: kutsuka kachikho ndi chophimba mukangomaliza, apo ayi mukupumira majeremusi. Zoopsa: imanamiza banja kuti lili ndi chipatala m'nyumba, anthu nkuchedwa kunyamuka, pomwe mulibe okosijeni ndipo kutupa siikuchotsa. Pa kugwidwa kosafika poopsa, inhaler ndi botolo zimagwira mofanana nayo. Ndalama imeneyo bola mugulire yabulawuni ya chaka.

Za kufukiza bulugama, Vicks, uchi ndi ndimu kapena zitsamba za kwa asing'anga sindichedwapo. Uchi umafewetsa pakhosi, koma osapatsa mwana wosakwana chaka. Nthunzi ndi fungo lamphamvu kwa ena zimaonjezera kubanika, ndipo ana apsa ndi madzi otentha pansi pa bulangete. Palibe mwa izi chimene chimaletsa ma eosinophil. Majakisoni atsopano ngati omalizumab, wogwira IgE, ndi mepolizumab, wochepetsa ma eosinophil, alipo ndipo amagwira kwa a mphumu yovuta, koma mtengo wake si wa m'thumba la munthu wamba.

Kusankha kulikonse kumene mungapange, samalani ndi mankhwala ena. Aspirin, Brufen, diclofenac ndi Indocid amatseka enzyme ya cyclooxygenase, ndiye kwa ena mafuta aja onse amakhamukira ku 5-lipoxygenase, ma leukotriene nkusefukira. Zimachitikira pafupifupi akulu 7 mwa 100 a mphumu, makamaka okhala ndi tinyama tomera m'mphuno. Ngati munabanikapo mutamwa awa, Panado ndiye wanu, ndipo muziwerenga kapepala ka mankhwala a mutu a pagolosale. Propranolol ndi atenolol a BP, ngakhale timolol wodontheza m'maso, amathanso kutseka chifuwa.

Tsono ndani atenge ziti

Ngati mumadalira chipatala cha boma, ndipo mukubanika kawiri pamwezi kapena kuposa, kapena mumadzuka nako usiku: yabulawuni tsiku ndi tsiku, yabuluu m'thumba, zonse kudzera m'botolo. Kwa anthu ambiri a kuno ndi imeneyi.

Ngati ndalama ilipo, ku Limbe mumapitako pafupipafupi, ndipo mukudziwa nokha kuti zopopa tsiku lililonse mumaiwala: yophatikiza ija, bola musakhale pa ritonavir.

Othyola tiyi m'mame a m'mawa, a kabaza, owotcha njerwa, ogwira ntchito m'fumbi la mufakitale: muyambe kulimbikira yabulawuni mu Epulo chiperoni chisanafike, osati chitakupezani, ndipo mapafu 2 a yabuluu mphindi 15 musanayambe ntchito yolemetsa amathandiza. Mukaona kuti patchuthi mumakhala bwino koma mukabwerera kuntchito zayambanso, muwauze adokotala zimenezo.

Mwana wamng'ono: inhaler ndi spacer ya chophimba kumaso, osati salbutamol wamadzi wakumwa. Mayi ophika asamubereke m'khitchini ya utsi.

Amayi oyembekezera: musasiye. Salbutamol, beclomethasone ndi budesonide amagwiritsidwa ntchito pa mimba, chimene chimaopseza mwana m'mimbamo ndi mayi wosowa mpweya.

Wamkulu amene wayamba kubanika atakula, akutsokomola kupitirira masabata 2, akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena miyendo ikutupa: asagule inhaler kaye, akayezetse makhololo ndi mtima, ikhoza kukhala TB, mtima kapena mapapo owonongeka ndi utsi wa zaka zambiri.

Ndipo munthu akalephera kumaliza chiganizo, khungu likulowa pakati pa nthiti ndi pakhosi akamapuma, milomo yasintha mtundu, akuwodzera, kapena likhweru lija lasiya koma iye akuvutikabe, apa palibe zoyerekeza. Mukhazikeni tsonga, osamugoneka. Wamkulu ndi mwana wa zaka 6 kupita mtsogolo mapafu 4 mpaka 10 a yabuluu kudzera m'botolo, imodziimodzi, wamng'ono 2 mpaka 6, kubwereza mphindi 20 zilizonse, uku wina akuitana njinga yamoto kapena galimoto. Kabuku ka kuchipatala ndi ma inhaler onse munyamule, adokotala akaone zimene wakhala akupopa.